BOKOSI LIMENE LINAPHUNZITSA MIDZI 2,400 YA KU INDIA

Pa 1 August 1975, dzuwa litapendeka, anthu a m'midzi 2,400 ya m'dziko la India anasonkhana pa mabwalo a masukulu kudzaona cinthu cimene ambiri a iwo anali asanacionepo cibadwire: bokosi la galasi kumaso, lolankhula ndi kuonetsa anthu akuyenda. Yambiri mwa midzi imeneyo inali kutali ndi tauni, nyuzipepala inali kufikako mwa apo ndi apo, ndipo pa anthu khumi a m'dzikolo panthawiyo, atatu okha ndiwo anali odziwa kuwerenga. Wailesi ya kanema imeneyi inalankhula nao maora anai pa tsiku kwa caka cathunthu, kufikira pa 31 July 1976.

Nchitoyi inali kudziwika ndi dzina lakuti SITE. Inali kuyesa cabe, ndipo funso limene Boma la India linafuna kuyankha linali ili: kodi mlimi wa kumudzi ndi mwana wace angaphunzire kanthu kucokera m'bokosi lotere, kapena adzangolipenya monga mmene anthu amapenyera gule wacilendo, naiwala m'mawa mwace?

Mwini nzeru imeneyi anali a Dr Vikram Sarabhai, katswiri wa sayansi wa ku Ahmedabad. Wailesi ya kanema inayamba ku India mu 1959 mu mzinda wa Delhi, ndipo kwa zaka zambiri inakhala ya m'mizinda ikuluikulu yokha. Mu 1967 panayamba programu ya alimi ya Krishi Darshan, yopita ku midzi 80 yozungulira Delhi, koma dziko la India liri ndi midzi yoposa theka la miliyoni. Kumanga nsanja zoulutsira mau zokwanira midzi yonseyo kukadadya zaka makumimakumi. A Sarabhai anati ai, tiyeni tiike nsanja imodzi kumwamba, ndipo tiyambire ku midzi yotsalira koposa. Mu 1969 anapangana ndi bungwe la NASA la ku America kuti libwereke India setilaiti kwa caka cimodzi. Eni acewo sanaione nchitoyo, pakuti anamwalira pa 30 December 1971.

Setilaiti ndi makina amene anthu amaponya kumwamba kuti adzizungulira dziko. Imene India inabwereka, ya dzina la ATS-6, inaponyedwa pa 30 May 1974. Inali pa mtunda wa makilomita 36,000, pamene cinthu cimazungulira dziko kamodzi pa maora 24, liwiro lofanana ndi la dziko lenileni, kotero kuti kwa munthu wa pansi cimaoneka ngati cangoima malo amodzi. Caka coyamba inatumikira madera akutali a ku America monga Alaska. Mu 1975 anaisuntha kudza kum'mawa naiimika pamwamba pa nyanja ya Victoria, muno mu Africa, ndipo kucokera pamenepo inalozetsa ku India eriyo yace yonga ambulera, yotambalala mamita 9. Mau ndi zithunzi zonse zimene mlimi wa ku Bihar anaona caka cimeneco zinayamba zadutsa m'mwamba mwa asodzi a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, iwo osadziwa kanthu.

Mphamvu ya setilaitiyo inali yaikulu, motero pansi sipanafunike makina odula. Pambali pa sukulu anali kuimika cimbale cotambalala mamita atatu, colukidwa ndi waya wonga uja wa khola la nkhuku, cogadamira kumwamba. Cingwe cinali kucokera pa cimbaleco kulowa m'kabokosi kosandutsa mafunde, ndi kupitirira ku bokosi la kanema, limene zithunzi zace zinali zakuda ndi zoyera. Zonsezi anazipanga amisiri a ku India komweko. Midziyo inasankhidwa m'maboma 20 a m'zigawo zisanu ndi cimodzi, midzi ngati 400 m'cigawo ciri conse: Rajasthan, Bihar, Madhya Pradesh, Orissa (lero Odisha), Andhra Pradesh ndi Karnataka. Mudzi unafunika kukhala ndi magetsi pafupi, nyumba ya anthu onse yosungiramo bokosi, ndi mseu wopitika. Ku Orissa anayesanso mabokosi a mabatire m'midzi ina yopanda magetsi.

M'MAWA: NTHAWI YA ANA

Tsiku linali kuyamba ndi munthu mmodzi wosunga makiyi. Mudzi uli wonse unali ndi wosunga bokosi, kawirikawiri mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale, amene anali kulandira kandalama pang'ono pa nchitoyo. Cisanafike 10 koloko iye anali kukhazika ana pansi, aang'ono kutsogolo, nabvundukula bokosi, nalitsegula kuti litenthe.

Maphunziro a m'mawa anali ora limodzi ndi theka, pa masiku a sukulu okha. Koma mwana sanali kulandira nthawi yonseyo. Zinenero zinali zinai, Hindi, Oriya, Telugu ndi Kannada, ndipo setilaiti inali imodzi, cotero mphindi 90 zija anali kuzigawa panai. Cinenero ciri conse cinalandira mphindi 22 ndi theka. Ana a ku Karnataka akatha, bokosi linali kutembenukira kwa anzao a cinenero cina, ndipo mphunzitsi anali kulitseka ndi kuyamba kufunsa ana zimene aona. Anali kulandiriratu mapepala omuuza za phunziro lirinkudza, kuti awakonzekeretse ana lisanayambe ndi kukambirana nao litatha.

M'mphindi zowerengekazo munali nthano, nyimbo, zidole zolankhula, za ukhondo wa thupi, mbiri ya anthu ochuka a m'dzikomo, ndi zithunzi za madera ena a India, monga nyanja yamcere kwa mwana wa m'cipululu ca Rajasthan amene sanaonepo madzi oposa a m'citsime. Koma zimene anthu ambiri amakumbukira ndi timaprogramu ta sayansi topangidwa mu mzinda wa Bombay (lero Mumbai) ndi bungwe la ISRO, loyang'anira za kumwamba. Colinga cace sicinali cakuti mwana aloweze maina aatali. Cinali cakuti azindikire kuti sayansi iri pakhomo pace pomwe, ndi kuti zinthu zomzungulira angathe kuzifunsa, kuziyesa ndi kuzimvetsa. Sukulu zambiri za kumidziko zinalibe ngakhale mapu pa khoma, tsono opanga maprogramu anayesetsa kugwiritsa nchito zinthu zimene mwana angatole m'mudzi.

Panali bvuto limodzi loonekeratu. Programu imodzimodziyo inali ya ana onse a zaka 5 kufikira 12, wongoyamba kumene kugwira coko pamodzi ndi wotsala pang'ono kutsiriza. Kuli ngati kupereka khasu limodzi kwa kamwana ndi kwa mnyamata wa msinkhu: wina limlemera, wina limcepera. Aphunzitsi anali kudziwa zimenezi, koma ndi mphindi 22 sakadacitira mwina.

Pa nthawi ya holide bokosi silinagone. Ora la ana linasanduka ora la aphunzitsi, amene anasonkhanitsidwa m'midzi ya mabokosi kwa masiku angapo kuphunzira kaphunzitsidwe ka sayansi. Anali kupenya kanema, kumvetsera wailesi, kuwerenga mapepala ndi kuyesa ndi manja ao, motsogozedwa ndi aphunzitsi a ku sekondale. M'magulu awiri, mu 1975 ndi mu 1976, aphunzitsi pafupifupi 50,000 anapitamo. Makoleji onse a m'zigawozo sakadatha kuwalandira pa nthawi yaifupi cotere, ndipo mwina apa ndi pamene setilaiti inaonetsa bwino koposa cimene ingathe.

MASANA

Kuyambira 11.30 bokosi linali cete. Setilaiti inali ndi nchito zina za eni ace. Ndiyo yomwe mu July 1975 inathandiza kutumiza mau ndi zithunzi pamene zombo za Apollo ya America ndi Soyuz ya Soviet Union zinakumana m'mwamba.

Koma pansi nchito inali mkati. Maprogramu anali kujambulidwa ndi a All India Radio ku Delhi, ku Cuttack ndi ku Hyderabad, ndipo matepi anali kutumizidwa ku Ahmedabad, kumene kunali siteshoni yaikulu yoponyera mafunde kumwamba, pansi pa utsogoleri wa a Professor Yash Pal. Kudzaza maora anai tsiku ndi tsiku m'zinenero zinai sinali nchito yamasewera. Pa caka conse panafunika maora oposa 1,300.

Masana inalinso nthawi ya amisiri okonza. Midzi inagawidwa m'timagulu, ndipo kagulu kali konse kanali ndi amisiri ndi galimoto ya jipi. Bokosi likadwala, wosunga anali kutumiza khadi pa positi kufotokoza cabvuta. M'nyengo ya dzinja miseu ina inali kusanduka matope, ndipo mudzi unali kudikira. Koma mdani wamkulu sanali makina a kumwamba, amene anagwira nchito yao mokhulupirika. Anali magetsi a pansi pano, ozima ndi kuyaka mosalaula, ndiponso nthawi zina wosunga makiyi amene wapita ku ukwati kutali, makiyi ali m'thumba.

MADZULO: BWALO LA MUDZI WONSE

Dzuwa likalowa, ng'ombe zitalowa m'khola, bokosi linali kuturutsidwa pa khonde kuti lipenye kubwalo. Maprogramu a madzulo anali maora awiri ndi theka, ndipo anali a munthu ali yense. Pa masabata oyamba bwalo linali kusefukira: anthu 200, kwina 600, pa bokosi limodzi, ena ocokera ku midzi yoyandikana. Wa kumbuyo sanali kuona kanthu koma kuwala cabe. Cidwi ca cinthu catsopano citatha, ciwerengero cinatsika, ndipo m'midzi yambiri otsala sanali kufika 100. Ambiri mwa iwo anali ana. Pa akulu, amene anakhalitsa anali alimi aang'ono ndi aganyu opanda minda. Eni minda ikuluikulu, amene anali kale ndi mawailesi m'nyumba zao ndi alangizi owayendera, sanakonde kukhala pa fumbi limodzi ndi anchito ao.

Nkhani ya pokhala imeneyi si yaing'ono ku India. M'midzi ya kumeneko anthu amabadwira m'magulu osiyana ulemu, ndipo panali ena amene sanali kuloledwa ngakhale kutunga pa citsime cimodzi ndi anzao. Bokosi linali limodzi, bwalo limodzi. Amai anali kukhala mbali yao, magulu anali kuyesa kupatukana, komabe m'malo ambiri anthu amene mwambo unawalekanitsa anapezeka akuseka nthabwala imodzi pa nthawi imodzi. Amai anali ocepa kuposa abambo, cifukwa ora limene Boma linasankha ndilo ora lophika.

Theka la ora linali la dziko lonse, m'cinenero ca Hindi, ndipo munali nkhani zocokera ku Delhi. Maora awiri otsala anali kugawidwa pakati pa zigawo mosinthana. Apa amisiri anacita canzeru: setilaiti inali kutha kunyamula cithunzi cimodzi ndi mau a mitundu iwiri, motero a ku Andhra Pradesh ndi a ku Karnataka anali kupenya munthu mmodzimodzi pa nthawi imodzi, awa akumumva m'Telugu, awo m'Kannada.

Za m'kati mwace zinali zimene mlangizi ali yense wa kumudzi angaganize: mbeu zatsopano za mpunga ndi tirigu, kathiridwe ka feteleza, mankhwala ophera tizilombo, kasungidwe ka dzinthu m'nkhokwe, kasamalidwe ka ng'ombe ndi nkhuku, ngongole za alimi, madzi akumwa, katemera, cakudya ca mai wapakati ndi ca mwana woyamwa, ndi kulera. Pakati pace anali kuikapo nyimbo, magule ndi masewero, kuopa kuti anthu angatope ndi malangizo okhaokha. Komatu ofufuza anapeza cinthu cimene sanali kuyembekezera. Alimi ambiri sanali kuthawa maphunziro kudikira gule. Anali kupempha maphunziro oonjezera, makamaka a zaulimi, malinga ngati akunena za mbeu imene iri m'munda mwao.

Apo ndiye panali pobvuta. Ku Rajasthan mvula ndi yosowa, pamene kumpoto kwa Bihar mitsinje imasefukira caka ndi caka. Programu yojambulidwa kutali, masabata angapo isanaulutsidwe, sikadatha kugwirizana ndi munda uli wonse ndi nyengo iri yonse. Cinenero naco cinali cina. Hindi wa pa bokosi anali wa anthu ophunzira a m'tauni, pamene nkhalamba ya ku Darbhanga imalankhula Maithili ndipo ya ku Raipur imalankhula Chhattisgarhi. Anali kumva, koma monga mmene munthu amamvera mlendo wa cigawo cina, mau atatu kugwira, awiri kutayika. Ndipo pamene bokosi linati thirani feteleza wakuti, silinali kunena kumene mlimi wopanda ndalama angampeze. Alimi acikulire a muno m'Zambia amene anakhalapo m'magulu omvetsera a Radio Farm Forum adzakumbukira kuti phunziro la pa wailesi linali kugwira pamene gulu lakambirana ndipo mlangizi ali pafupi kuyankha mafunso. Ku India, kumene magulu otere anayesedwa kale mu 1956 kufupi ndi Pune, bokosi la kanema kawirikawiri linasiyidwa lokha, ndipo bokosi silimva funso.

MAU A BOMA

Masabata asanu nchitoyi isanayambe, pa 25 June 1975, Boma la Mai Indira Gandhi linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi. Atsogoleri otsutsa, monga a Jayaprakash Narayan ndi a Morarji Desai, anatsekeredwa, ndipo manyuzipepala sanali kusindikiza kanthu kosayamba kaonedwa ndi Boma. Cotero theka la ora la nkhani lija, m'caka conse ca SITE, linali kunena mbali imodzi yokha. Anthu a kumidzi anaona ndi maso ao, pa nthawi yomweyo imene zinali kucitika, mwambo wa ufulu wa pa 15 August ndi perete wa pa 26 January ku Delhi, ndipo kwa ambiri aka kanali koyamba kuona nkhope ya mtsogoleri wao ikulankhula. Za amene anali m'ndende sanaone.

Nkhani ya kulera inalowanso m'mabvuto omwewa. Pa bokosi inali kuphunzitsidwa mwaulemu, m'masewero ndi m'nyimbo. Kunja, m'kati mwa 1976, akuluakulu a m'maboma anayamba kukakamiza anthu kutseketsa kubereka, ndipo m'caka ca Boma ca 1976 mpaka 1977 anthu oposa 8 miliyoni anacitidwa opareshoni, ambiri mosafuna. Zoipitsitsa zinadza SITE itatha kale, koma zinaononga cikhulupiriro cimene maphunziro aulemu aja anayesa kumanga.

Amene amaganiza kuti wogwira wailesi ya kanema wagwira mitima ya anthu ayenera kupenya cisankho ca mu March 1977. Ku Bihar cipani ca Mai Gandhi sicinapate mpando ndi umodzi womwe, ndipo ku Rajasthan ndi ku Madhya Pradesh cinapata umodzi umodzi. Ku Andhra Pradesh ndi ku Karnataka cinasesa pafupifupi mipando yonse. Zigawo zonsezi zinapenya nkhani zofanana kucokera ku setilaiti imodzi. Midzi 400 ndi kadontho m'cigawo ca anthu mamiliyoni, zoona, koma palibe cizindikiro cakuti bokosi linavotera munthu.

ZIMENE ANAPEZA

Nchitoyi inafufuzidwa kwambiri. Akatswiri ena a za cikhalidwe ca anthu anasamukira m'midzi ndi kukhala momwemo miyezi yambiri, bokosi lisanabwere, liripo, ndiponso litapita. Ena anayerekeza midzi ya mabokosi ndi midzi yopanda.

Pa ana, anapeza kuti openya anakula m'cinenero: anadziwa mau ambiri, ndipo anayamba kufunsa mafunso ndi kufunafuna zowerenga. Koma pa mayeso a maphunziro a m'kalasi sipanaoneke kusiyana kweni kweni, ndipo ciyembekezo cakuti bokosi lidzakokera ana ku sukulu ndi kuwaletsa kusiyira pa njira sicinakwaniritsidwe. Mwana wa m'nyumba yosauka amasiya sukulu cifukwa ca mbuzi zofuna mbusa ndi kamng'ono kace kofuna mlezi, ndipo mphindi 22 za zidole sizisintha zimenezo.

Pa akulu, phindu linaoneka bwino pa za umoyo ndi zakudya, ndipo amene anapindula koposa anali amai ndi anthu osadziwa kuwerenga, omwe aja amene nyuzipepala ndi timabuku ta alangizi sizinali kuwafika. Pa zaulimi kusintha kunali kocepa, makamaka pa zinthu zofuna ndalama. Malangizo amene anatsatidwa msanga anali aja osalira kugula kanthu.

Panali dera limodzi limene linayenda njira yace. M'boma la Kheda ku Gujarat, pa mudzi wa Pij, anaimika kansanja kakang'ono koulutsira midzi yozungulira, ndipo mabokosi ambiri anali m'manja mwa makoparetivu a mkaka ndi makhonsolo a midzi. Kuonjezera pa nkhani za ku Delhi, a ISRO anali kupita ndi makamera m'midzimo kujambula eni ace akunena zao m'cinenero cao: malipiro ocepa a aganyu, kusalidwa kwa magulu apansi, madandaulo amene pambuyo pace anali kuonetsedwa kwa akuluakulu a boma kuti ayankhe pa bokosi lomwelo.

Usiku wa pa 31 July 1976 bokosi linalankhula kotsiriza kucokera kumwamba. A NASA anatenga setilaiti yao naibweza kumadzulo, ndipo inaleka nchito mu 1979. Doordarshan, bungwe la kanema limene linapatuka ku All India Radio pa 1 April 1976, linamanga nsanja za pansi ku Jaipur, Raipur, Muzaffarpur, Sambalpur, Gulbarga ndi Hyderabad, koma izi zinafika ku midzi ngati inai yokha pa khumi ya midzi ya SITE. M'midzi yotsalayo zimbale za waya zinangokhala ciimire pambali pa masukulu. India inadzakhala ndi setilaiti yace yogwira nchito mokhazikika mu 1983, ya dzina la INSAT-1B, ndipo pofika nthawiyo kanema wa m'dzikomo anali atayamba kudzaza ndi malonda ndi masewero a anthu a m'tauni. Kansanja ka ku Pij kanapitiriza kufikira mu 1985, pamene Boma linalamula kuti kazulidwe kapite ku Madras. Anthu a m'midzi ya Kheda anasonkhana kukana, koma kanazulidwabe.